Musanapereke Kompyuta Yakale, Yambani Mwapacika Mbeu



Malemu agogo anga akazi anali ndi lamulo limodzi pa nyengo ya masika. Cimanga cisanalowe m'nkhokwe, iwo anali kuyamba asankha ca maso akulu-akulu, cokhwima bwino, nacimanga ciwiri-ciwiri ndi makoko ace omwe, nacipacika kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uzicifukiza ndipo anankafumbwe asaciboole. Ufa ungacepe motani m'nyumba, cimanga ca kudengaco sicinali kupita kumtondo. Nkhani ya sabata ino ndi ya mbeu za mtundu wina, zosaoneka ndi maso, zimene ife a komiti ya sukulu ya kwathu tinasinja ndi manja athu, osadziwa kuti tiri kusinja mbeu.

Masiku ano m'masukulu ambiri, m'zipatala za kumidzi, m'maofesi a makopaletivi, ngakhale m'nyumba za ena mwa inu, muli kabokosi ka tinyanga tiwiri kapena tinai kamene kamaphethira timagetsi tobiriwira usana ndi usiku. Dzina lace ndi rauta. Nchito yace ndiyo kulandira intaneti, kaya kucokera pa simu kadi kaya pa nthambo, ndi kuigawira makompyuta ndi malamya onse a pamalopo, monga momwe mai amagawira ndiwo m'mbale za ana. Pamene ZAMNET inalumikiza dziko lathu ku intaneti m'caka ca 1994, pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, makina otere anali a akatswiri okha-okha. Lero afika kumene kulibe ngakhale mseu wa phula. Ndi citukuko ndithu, koma walira mvula walira matope.

Sukulu imene ndikamba iri kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, ndipo dzina lace ndisunga. Makolo tinasonkha nshawa, khomo liri lonse thini imodzi, ndi kugula sola, batire ndi rauta. Amene anaikonza ndi mphunzitsi wina wacinyamata, mwana waulemu ndiponso wosamala pa nchito. Iye anaipatsa dzina, naikapo mau acinsinsi, nalembamo makonzedwe a kampani ya lamya, napatsa pulinta ya mu ofesi nambala yace yosasintha. Poona kuti ana ndi anthu odutsa adzatha bandulo ya mwezi m'masiku atatu, analembanso m'rautamo ndandanda ya makina ololedwa okha, kuti wina ali yense, ngakhale atabera mau acinsinsi, asalowe. Atatha zonsezi anatenga cithunzi-thunzi ca makonzedwe onsewo, ndiko kuti kafayilo kakang'ono kosungamo zonse, nakasunga m'kompyuta ya mu ofesi ya ahedi. Mlendo ndi mame. Pasanapite zaka ziwiri mnyamatayo anatumizidwa ku sukulu ina ya kutali.

Kompyuta ya mu ofesiyo inali yokalamba, yoyenda ngati ng'ombe yotopa m'ngolo. Tinamvanso kuti kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo yathuyo inalibe mphamvu zolandira Windows 11. Motero sukulu inapeza laputopu yatsopano, ndipo komiti inagwirizana kuti yakaleyo ipite kwa mmisiri ku boma, akaifufute zonse, ibwere yoyera kuti ana aziphunzirirapo kulemba. Tsiku losamutsa zinthu ine ndinalipo. Tinakopera mamalikisi a ana, makalata, ndandanda ya malipiro ndi zithunzi za tsiku la masewera. Kenaka ahedi analoza kafayilo kena ka dzina lacilendo lakuti config.bin, kamene kanali kukana kutseguka, nandifunsa kuti, "Kodi a wakumpando, aka ndi kaciani?" Ine, posafuna kuoneka mbuli pamaso pa aziphunzitsi, ndinayankha kuti ndi zinyalala za makina. Safunsa anadya phula. Kompyuta inakwera njinga m'mawa mwace.

Laputopu yatsopano inakana kulowa pa intaneti. Mau acinsinsi a Wi-Fi tinali kuwadziwa, tinawalemba kasanu konse, koma rauta inangoti khuu, ngati mlonda amene sakudziwa nkhope yako. Kuti tiiuze kuti mlendoyu ndi wathu, tinafunikira kulowa m'kati mwa rauta momwe, ndipo khomo limenelo liri ndi mau acinsinsi ena, a woyang'anira. Mauwo ahedi sanawalembepo ndi kale lonse, popeza kompyuta yakale inali kuwakumbukira yokha. Tinamuimbira lamya mphunzitsi uja. Iye anati sangawakumbukire bwino patapita nthawi yonseyi, koma tisade nkhawa cifukwa zonse anasiya m'kompyuta ya mu ofesi. Tinayang'anana.

Pamenepo wina anapereka nzeru yakuti kumbuyo kwa rauta kuli kabowo, ndipo ukalowetsamo phini ndi kutsindika kwa masekondi ngati khumi, imatseguka. Zoonadi inatseguka, koma inatseguka iri yopanda kanthu, monga tsiku limene inacoka m'sitolo. Dzina linacoka, ndandanda inacoka, makonzedwe a kampani ya lamya amene mnyamatayo analemba ndi dzanja anacoka, pulinta inaleka kumva. Izi zinacitika sabata lomwe sukulu inali kulembetsa pa intaneti maina a ana a Giredi 7 oti alembe mayeso. Ahedi anapita ku boma pa njinga yamoto kawiri, atakumbatira mabuku a maina, ndipo mmisiri amene tinaitana tinamlipirira ulendo wobwera ndi wobwerera, kuphatikizapo nchito yace. Ndalamazo zinali za matabwa a madesiki.

Mmisiriyo anatiuza cinthu cimene cinandiwawa koposa ndalama. Iye anati pa marauta ambiri ndandanda ya ololedwa imachinga olowera pa Wi-Fi okha, kotero kuti tikanangolumikiza laputopu ku rauta ndi nthambo, ikanalandira intaneti tsiku lomwelo, phini osaikhudza.

Tsono tiyeni timvetse kumene zinthu zimenezi zimakhala, cifukwa cisokonezo conse cimayambira pamenepa. Anthu ambiri amaganiza kuti makonzedwe a rauta ali m'kompyuta, ndipo kuti ukasintha kompyuta uyenera kuyambanso zonse. Si conco ai. Rauta iri ndi cikumbumtima cace-cace, cimene sicifufutika magetsi akazima. Mungacotse kompyuta yakale ndi kuika yatsopano, rauta idzapitiriza nchito yace osadziwa n'komwe kuti mu ofesi mwasintha kanthu. Zimene zimatsalira m'kompyuta ndi zocepa, koma ndizo makiyi: mau acinsinsi a Wi-Fi amene kompyuta inaloweza, mau acinsinsi a woyang'anira amene anasungidwa m'pulogalamu yoonera masamba monga Chrome kapena Firefox, kafayilo kosungamo makonzedwe ngati wina anakapanga, ndiponso nambala yosasintha ya kompyutayo ngati inapatsidwa. Kusamuka kumene tikamba ndi kwa zimenezi. Nyumba siisamuka, amasamuka ndi makiyi.

Njira yace ndi iyi, ndipo muicite kompyuta yakale ikali pa tebulo, isanapite kwa mmisiri kapena kwa mphwanu amene mwamlonjeza. Tsegulani pulogalamu yoonera masamba, ndipo pa malo olembapo adiresi mulembe nambala ya rauta yanu. Marauta ambiri amayankha pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ambiri a Huawei olowetsa simu kadi amayankha pa 192.168.8.1, ndipo a MikroTik pa 192.168.88.1. Ngati mukayika, tembenuzani rauta muwerenge kapepala komatidwa kunsi kwace. Musadabwe kupeza kuti nambala yanu ndi imodzi-modzi ndi ya ku cipatala kapena ya kwa anansi anu. Manambala oyamba ndi 192.168 anapatulidwa kuti akhale a m'kati mwa nyumba cabe, monga mwa lamulo la akatswiri a intaneti lolembedwa m'caka ca 1996, ndipo satuluka kunja, cimodzi-modzi kunena kuti "cipinda ca alendo", kumene nyumba iri yonse iri ndi cace.

Mukalowa, funani malo olembedwa Backup kapena Backup & Restore, amene pa marauta ambiri a TP-Link amapezeka pansi pa System Tools. Mukatsindika Backup, rauta imatumiza kafayilo m'kompyuta yanu. Ndi kakang'ono zedi, sikafika ngakhale pa cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi lamya. Nthawi yomweyo kasintheni dzina. Ici ndico cimene mphunzitsi wathu anaphonya, ngakhale kuti zina zonse anacita bwino. Akanakacha kuti "rauta ya sukulu, osafufuta", ndi kuikapo mtundu wa rautayo ndi tsiku, ngakhale mbuli ngati ine ikanakasiya. Koma zilembo za kumapeto, pambuyo pa kadontho, muzisiye momwe ziliri, cifukwa rauta imazindikira kafayilo kace ndi zimenezo. Kenaka kakopereni pa fulashi, ndi kucokera pa fulashi kupita m'kompyuta yatsopano. Kuti kakukana kutseguka musadandaule. Sikanalembedwe kuti munthu awerenge, mwini wace ndi rauta.

Musanazime kompyuta yakale, tulutsaninso mau acinsinsi amene inaloweza. Mu Chrome ndi mu Firefox muli malo osungira mau otere, ndipo mwini kompyuta angawaone ndi kuwalemba. Awa ndi ofunika monga kafayilo komwe. Ife tikanakhala ndi kafayilo kokha, tikanabwezera zonse m'malo mwace, inde, koma pamodzi ndi mau omwe aja a woyang'anira amene tinali osawadziwa, ndipo khomo likanatsekekanso ife tiri kunja. Kwa aziphunzitsi ndi alembi amene manja awo anazolowera, Windows iri ndi lamulo lakuti netsh wlan export profile key=clear, limene limatulutsa maina ndi mau acinsinsi a Wi-Fi zonse zimene kompyutayo inalowapo. Kwa ife ena, buku ndi bolopeni zikwana.

Tsopano yesani kompyuta yatsopano, yakale ikali pomwepo. Makina ali onse olowa pa Wi-Fi ali ndi cizindikiro cace ca zilembo ndi manambala 12, cochedwa MAC, cimene ciri ngati cidindo ca pa ng'ombe. Ndandanda ya ololedwa imayang'ana cidindo cimeneci, ndipo cimeneci sicisamuka ndi mafayilo. Ngati rauta yanu iri ndi ndandanda yotere, lowani ndi kompyuta yakale, mulembemo cidindo ca yatsopano, ndipo pokhapo mucotse ca yakale. Malamya a masiku ano ali ndi kacenjera kena: kuyambira pa Android 10 ya m'caka ca 2019 ndi iOS 14 ya m'caka ca 2020, lamya imadzipangira cidindo congopeka pa Wi-Fi iri yonse kuti anthu asailondole, motero cidindo colembedwa pa bokosi lace si cimene rauta imaona nthawi zonse. Ngatinso kompyuta yakale inali ndi nambala yosasintha ndipo mwaipatsa yatsopano nambala yomweyo, musaziyatse zonse ziwiri pamodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi; zidzalimbirana nambalayo ndipo intaneti idzayamba kuduka-duka. Zonse zikayenda, tenganinso kafayilo katsopano, popeza kakale sikadziwa za mlendo amene mwalembetsayu.

Tsiku la tsoka likafika, kaya mwana watsindika kabowo kaja, kaya makonzedwe asokonezeka, mumalowa m'rauta ndi mau olembedwa pa kapepala ka kunsi, kapena ndi atsopano amene imakupemphani kuti muike, ndipo mumasankha Restore ndi kuilozera kafayilo kanu. Pa nchito imeneyi gwiritsani nthambo, osati Wi-Fi, ndipo yambani mwaona kuti batire iri ndi moto wokwanira. Rauta ikazima pakati pa nchito, makonzedwe angaonongeke. Amene munaona kusowa kwa magetsi m'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anatsika m'damu la Kariba, mudziwa kuti magetsi sacenjeza pocoka. Ikatha imadzizima ndi kudziyatsanso, ndipo m'mphindi zowerengeka zonse zabwerera.

Pali malire amene ogulitsa sakonda kuwachula. Kafayilo kameneka kamagwira pa rauta ya mtundu womwewo ndi nambala yomweyo, ndipo nthawi zina kamafunanso kuti pulogalamu ya m'kati mwa rauta ikhale ya msinkhu womwewo. Mphenzi ya mu December ikaocha rauta yanu ya TP-Link, inu ndi kukagula ya Huawei, kafayilo kaja kasanduka mbeu ya mpunga m'munda wa pamtunda. Ndiponso timarauta tina tating'ono ta m'thumba tiribe malo a Backup ndi pang'ono pomwe. Ndico cifukwa cace ine ndimaika buku patsogolo pa fulashi. Lembani m'buku dzina la Wi-Fi, mau acinsinsi onse awiri, makonzedwe a kampani ya lamya ochedwa APN, nambala ya simu kadi, nambala ya pulinta, ndi cidindo ca makina ali onse ololedwa pamodzi ndi dzina la mwini wace. Tsamba liri lonse la m'rauta mulijambulenso ndi lamya. Zolembedwa pa pepala mmisiri ali yense angazilowetse m'rauta ya mtundu uli wonse.

Kumene kuli marauta akulu-akulu, monga m'zipatala za pa boma ndi m'masukulu a sekondale, zinthu zimasiyanako pang'ono. Kampani ya MikroTik, imene inayamba m'caka ca 1996 ku Riga m'dziko la Latvia, imapereka njira ziwiri. Yoyamba ndi backup, kafayilo kosawerengeka, koyenera kubwezeredwa pa rauta yomweyo. Yaciwiri ndi export, imene imalemba makonzedwe m'mizera ya mau oti munthu angawerenge, kukonza, ndi kutengera pa rauta ina, ngakhale kuti mau acinsinsi a oyang'anira satengedwa m'menemo. Mmisiri wanzeru amatenga zonse ziwiri. Ndiponso pulogalamu ya WinBox, imene amisiri amalowera nayo m'marauta amenewa, imasunga ndandanda ya maadiresi ace m'kompyuta ya mmisiriyo, osati m'rauta, kotero iyenso posintha kompyuta ayenera kuisamutsa. Marauta a Cisco ali ndi khalidwe lina: zimene wasintha zimayamba kugwira nchito pomwepo, koma ngati sunalamule kuti zisungidwe, magetsi akazima zonse zapita. Mukalemba nchito mmisiri wotere, musamlipire ndalama zonse asanakusiyireni kafayilo ndi mau acinsinsi m'manja mwa komiti. Ena amabisa dala kuti muziwaitana kawiri-kawiri. Si onse, koma alipo.

Kusunga kwace nakonso kufuna nzeru. M'kafayiloka muli mau anu onse acinsinsi, ndipo ngakhale inu simungakatsegule, odziwa makina angathe. Zimene lamulo la netsh lija limatulutsa ndiye zimaonetsa mau poyera-yera. Fulashi yosungira zimenezi isakhale yomwe ana amatengera nyimbo, ndipo kafayiloka musakatumize m'gulu la WhatsApp la makolo ati kuti kasatayike. Makope awiri akwana: limodzi m'kompyuta yatsopano, lina pa fulashi m'kabati yokhoma, m'nyumba ina osati yomwe muli rauta, kuti mbala kapena moto zisatenge zonse usiku umodzi. Anthu awiri adziwe, wina wa iwo akhale wa m'mudzi momwemo, amene satumizidwa kwina ndi kalata. Pamene mulikutsegula buku latsopano, sinthaninso mau acinsinsi amene anthu ambiri anawamva kale. A Wi-Fi amayenera kukhala ndi zilembo zosacepera 8 ndipo angafike pa 63. Dzina la sukulu ndi caka, ana amalilota tsiku loyamba.

Zonsezi zikatha, pamenepo ndiye kompyuta yakale ingafufutidwe, ndipo ifufutidwe ndithu. M'menemo muli maina a ana, masiku awo obadwa ndi manambala a makolo, ndipo dziko lathu liri ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la m'caka ca 2021. Kufufuta sikunali kulakwa kwathu. Tinalakwa kufufuta Laciwiri cinthu cimene tikanayenera kufufuta Lacisanu.

Ku sukulu kwathu tsopano kuli buku la cikuto cofiira, limene amasunga ndi msungi-cuma wa komiti, mai wina amene sanagwirepo kompyuta cibadwire koma sanatayepo lisiti ngakhale limodzi. Fulashi anaimanga m'kansalu naiika m'citini ca tiyi. Pa msonkhano wa makolo wa kumapeto kwa temu ndinaimirira ndi kuulula kuti amene anati "zinyalala" ndine. Anthu anaseka, koma agogo ena anafunsa kuti madesiki adzabwera liti, ndipo ana a Giredi 3 akali kukhala pa njerwa.

Sabata la mawa, tikakhala ndi moyo, tidzakamba za mabatire a sola ndi cimene cimawapha msanga m'nyengo ya mitambo.